Apongozi Anga Asanu

Mukadzafika pa famu yathu, kufupi ndi Concession, n'kumva ana a mu komboni akunditchula kuti asing'anga, musadabwe ndipo musandibweretsere odwala. Ine ntchito yanga ndi yokonza mapaipi othirira fodya basi. Dzinalo ndinalitola chifukwa cha phula, ndipo linatsala pang'ono kundilanda mkazi ndi mwana tsiku limodzi.

Ndili ndi kachizolowezi kamene anzanga amati n'kachibwana. Ndikapita ku Harare ndimagula tiasilikali tapulasitiki, tija amayala pansi ku Mbare pamodzi ndi zidole zakale, totalika ngati chala chapakatichi. Ndikafika nato kunyumba ndimatilanda mfuti ndi kampeni, kudula chisoti, kupinda mkono pa kandulo, kenako n'kumata zovala ndi nkhope yatsopano. Msilikali amene amafuna kuwombera munthu amasanduka mayi wosenza ndowa, kapena dalaivala wa thirakitala amene wagona pa chiwongolero. Anzanga Loweruka amakathera ku bhawa kumwa mowa, ine ndimakhala pakhonde kuchotsa anthu usilikali.

Vuto linali chomatira. Pa foni ndinaona azungu ochita zomwezi ali ndi phula lawolawo lobiriwira, lomvera chala, louma bwino. Ndinalifunafuna m'mahadiweya a ku Concession mpaka ku Bindura. Wogulitsa wina atamvetsera bwinobwino anandibweretsera sopo wochapira. Ndiye ndinati basi, ndiyesa zimene zili pafupi ndione chimene chingapambane. (Ku wekishopu kwathu chilichonse chomata timangoti phula, ndiye musandifunse mayina a pa chitini.)

Ndinasonkhanitsa mitundu isanu. Panali dongo la pachulu, laulere. Panali ufa wa tirigu wokanda ndi guluu wa matabwa. Panali phula lomatira magalasi a mawindo, lija lonunkha mafuta. Panali bodifila wa okonza magalimoto ophwanyika, amene ndinapempha kwa mnzanga. Lomaliza linali phula lathu la mapaipi, la mbali ziwiri, lija umadula pang'ono uku pang'ono uku n'kukanda pamodzi mpaka mtundu ukhale umodzi.

Tsopano kuti mpikisano ukhale wachilungamo, onse asanu anayenera kuumba munthu mmodzi yemweyo. Ndipo munthuyo anayenera kukhala wovuta: wa duku yokhala ndi mfundo, chitenje cha mapindamapinda, makwinya a pachipumi, ndi pakamwa pokhala ndi maganizo akeake. Nkhope ya mkazi wanga, amayi a Rudo, ndi yosalala, singayese phula. Ndinaganizaganiza, ndipo nkhope imene inabwera yokha inali ya amayi awo.

Apa mundimvetse. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Sitidyera pamodzi, sitikhala mphasa imodzi, ndipo zonena zathu zimadutsa mwa mwana wawo ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Koma munthu amene wakhala zaka akuyang'ana nkhope cham'mbali amaidziwa kuposa amene amaiyang'ana chamaso. Ndimadziwa kuti milomo yawo imatsikira kumanzere akamva dzina langa. Ndimadziwa kuti nsidze yakumanja imakwera ndikatsokomola. Apongozi anga ndi mayi wa mapemphero a Lachinayi, wa bulauzi yoyera, ndipo chiyambire sanakhutirepo kuti mwana wawo anakwatiwa kubanja la anthu ovina gule. Ine sindinapiteko kudambwe chikwatirire, koma kwa iwo fungo lake silinandichoke. Ndinganame kuti ndinawasankha chifukwa cha makwinya okha, koma zala zanga zinkasangalala kwambiri.

Ndinkaumba masana a Lamlungu kuseri kwa bafa, amayi a Rudo ali kutchalitchi kapena kwa anzawo.

Dongo linamvera bwino likadali lonyowa. Litauma linakhwinyata, n'kung'ambika pa pulasitiki, ndipo mwendo wakumanzere unasweka pa bondo. Ufa ndi guluu zinatuluka zosalala mokongola, moti duku inaoneka ngati yositidwa. Phula la mawindo ndiye linkaterera pa singano ngati majarini, makwinya onse anatuluka, koma patapita masiku linali likadali lofewa. Bodifila ndi wamwano. Sapatsa munthu mpata woganiza. Ndinali ndikukonza mkanda wa pakhosi ndi singano yosokera pamene foromani anandiimbira foni za paipi yophulika, ndipo pomaliza kulankhula ndinapeza bodifila wagwira, singano yamira m'khosi mpaka theka. Ndinakoka, ndinapotokola, osatheka. Ndinaisiya momwemo.

Koma phula la mapaipi, abale anga. Umanyowetsa chala ndi malovu n'kumasalaza, lokha limakudikira mpaka umalize, kenako n'kuuma gwa. Apongozi amene anatuluka mmenemo anali enieni. Ndinawaika pachikhatho n'kudzipeza ndachotsa chipewa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati ayi, kuumbika n'kwina, kupirira n'kwina. Nyumba zathu za mu komboni zili ndi adani ake: kutentha kwa malata, mvula, chinyezi, mphemvu ndi makoswe. Aliyense anayenera kukumana ndi mdani amene ndinkamukayikira naye. Wa ufa ndinamuika pansi pa bedi m'kachipinda ka alendo, komwe mphemvu zimachitira misonkhano. Wa mawindo ndinamukhazika pamwamba pa chitseko, pansi pa malata penipeni. Wa dongo ndinamulowetsa kuseri kwa mtsuko wa madzi. Wa bodifila ndinamumanga waya m'chiuno n'kumupachika mu mtengo wa mabulosi kuti dzuwa ndi mvula zimuyese. Wa mapaipi, poti ndinkamudalira, ndinamupatsa mayeso aakulu: ndinakumba pakhomo penipeni, pamene madzi a padenga amadonthera, n'kumukwirira.

Ndikulemba izi ndikuona zimene inu mukuona. Nthawi imeneyo sindinaone kanthu. Ndinkadzimva ngati munthu wa sayansi.

Mvula itagwa kangapo, apongozi anatsika kombi kuchokera ku Shamva osatiuza. Anati bondo lakumanzere lawavuta, khosi lauma, mutu ukuwawa, ndipo akufuna akaonedwe kuchipatala cha ku Concession. Ndinawalonjera ndili chogwada patali, kudzera mwa mwana wawo, n'kupita kuntchito mtima uli m'malo. Za zidole zanga sizinandidutse n'komwe m'mutu. Ndinaiwala kuti apongozi akafika pakhomo pa mkamwini chinthu choyamba amagwira tsache, osati chifukwa pada, koma kuti aliyense adziwe kuti panali pakuda.

Dzuwa litapendeka foni inalira ndili m'munda. Anali amayi a Rudo.

"Bambo a Rudo, bwerani kunyumba."

"Kwagwanji?"

"Musathamange, anthu angaone. Koma bwerani."

Ndisanafike ndinamva nyimbo ya kutchalitchi, ija amaimba pothamangitsa zoipa. Pabwalo panga panali amayi a mu komboni atazungulira lichero. M'licheromo, pa mchere wambirimbiri, munagona apongozi anga anayi. Wa ufa mutu unali utadyedwa ndi makoswe mpaka m'nsidze, ndipo thupi linali litamera nkhungu. Wa mawindo nkhope inali itatsetsereka mpaka pachifuwa, chibwano cha msilikali chikusuzumira. Wa dongo anali phala lokhalokha, koma mwendo wosweka uja unkaoneka bwino. Wa bodifila anali bwinobwino ndithu, ndi waya wake ndi singano yake m'khosi.

Apongozi enieni anaima pakhomo, dzanja lina pabondo, lina pakhosi. Pambali pawo panali zikwama ziwiri zomangamanga, china chawo, china cha mkazi wanga. Rudo anali kumsana kwa amayi ake atavekedwa kale chipewa chapaulendo. Pamenepo mantha anandigwira enieni.

Ndinagwada pafupi ndi mtondo.

"Umufunse mwamuna wako," anatero apongozi akuyang'ana denga, "ngati akuwadziwa anthu ali m'licherowa."

Mkazi wanga ananditembenukira. Akakwiya Chichewa chimamuthera n'kulowa Chishona, koma tsiku limenelo anagwira Chichewa mwamphamvu kuti amayi ake amve liwu lililonse. "Mwamva."

"Muwauze amayi kuti ndikuwadziwa. Ndinawaumba ndine. Koma ndi zoyesera chabe."

Amayi onse aja anapuma mpweya pamodzi.

"Akuti amayesera," anatero mkazi wanga.

"Ndamva. Umufunse ngati zinagwira."

"Muwauze kuti zinayi sizinagwire bwino, koma chimodzi chinagwira kwambiri."

Ndinkanena za phula. Ndikulumbira ndinkanena za phula. Koma mayi wina woyandikana nafe anayambitsanso nyimbo ija, ndipo mkazi wanga anatseka maso.

"Chimodzi chiti? Pano pali zinayi," anatero mkazi wanga, tsopano akudzifunsira yekha. "Bambo a Rudo, alipo angati?"

"Asanu."

"Wachisanu ali kuti?"

Ndinayang'ana pansi pamene panaima mapazi a apongozi. Ndinaganiza zonama, koma mvula ikanadzamufukula tsiku lina, ndipo ikanakhala nkhani yoposa iyi.

"Muwapemphe amayi asunthe pang'ono."

Sindinadziwe kuti munthu wa bondo lowawa angadumphe choncho. Ndinatenga kakhasu n'kukumba anthu onse akuonerera. Ndinamutulutsa, ndinamupukuta ndi malaya, ndipo anali monga ndinamuikira, ngakhale mfundo ya duku sinatekeseke. Chimwemwe cha mmisiri chinandipitirira mantha, ndipo ndinamukweza m'mwamba.

"Mwaona? Sanawole ngakhale pang'ono."

Apongozi ananyamula chikwama chawo. "Tiye, mwana wanga. Kombi yomaliza isatisiye."

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti mkazi sachoka pabanja ankhoswe asanamve. Nkhoswe ya mkazi wanga ndi amalume ake, a Banda, mlongo wawo wa apongozi, amene amalondera mashedi a fodya pa famu yomweyi. Anawaitana, ndipo anabwera akukankha njinga, tulo tamasana tikadali m'maso. Anakhala pa mpando, anamva mbali ya mlongo wawo, anayang'ana m'lichero nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Mukwasha," anatero, poti iwo mkamwini amamutchula m'Chishona akafuna kumuchepetsa, "ine ndimadziwa kuti mumaseweretsa zidole. Komboni yonse imadziwa, timangokusungirani ulemu. Koma pa anthu onse a m'dziko muno, bwanji achemwali angawa?"

"Makwinya, amalume. Phula labwino limaoneka pa makwinya."

Amalume anatsokomola kwambiri, n'kupempha madzi.

Ndinathamangira m'nyumba n'kutulutsa bokosi langa lonse: mayi wa ndowa, dalaivala wogona, asilikali amene anali asanasanduke. Ndinatulutsanso zitini zonse zisanu. Ndinafotokoza za kukhwinyata kwa dongo, za mafuta a m'phula la mawindo, za kufulumira kwa bodifila. Ndinadula phula la mapaipi n'kuyamba kukanda kuti aone. Nditanyowetsa chala ndi malovu, mayi woyandikana uja anati, "Mwaona, akulavulira," ndipo amayi awiri anabwerera m'mbuyo.

"Zimenezo zisiyeni," anatero amalume. "Nkhani ndi yophweka. Achemwali akuti khosi lawo lauma chifukwa cha singano iyi. Izuleni tione ngati lipole."

"Amalume, bodifila ndi wosachedwa kuthetheka."

"Izuleni."

Ndinatenga pulayala. Ndinagwira singano. Ndinakoka pang'onopang'ono, ndikupemphera mumtima kuposa mmene ndinapempherera pa ukwati wanga. Kunamveka kuti thyo, ndipo mutu wonse unaduka, unagwa m'lichero, unadumpha, n'kugubuduka mpaka pa phazi la amalume.

Anthu onse, ngakhale Rudo kumsana, anatembenukira kwa apongozi. Iwo anagwira khosi ndi manja awiri, maso ali tong'o. Tinadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Achemwali," anatero amalume mofatsa, "mutu ulipo?"

"Ulipo."

"Khosi?"

"Likuwawabe."

"Ndiye mawa mupite kuchipatala monga munakonzera. Mkamwini wanu si mfiti. Ndi chitsiru chabe, ndipo zimenezo tinkazidziwa pomupatsa mwana."

Sindinasangalalepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Amayi aja anayamba kumwazikana mokhumudwa, wina anafunsa ngati angatengeko mchere uja. Koma zikwama zinali zikadali zomanga, ndipo apongozi anali asanapereke chigamulo chawo. Amalume angathe kuweruza za ufiti, koma za mwano amaweruza mwini wake.

Apongozi anatambasula dzanja, ndipo mkazi wanga anawapatsira wa mapaipi uja. Anatulutsa magalasi m'bulauzi, anavala, n'kumuyang'ana kutsogolo, kumbuyo, pansi pa duku. Anatenga nthawi. Kenako anachita chimene sanachitepo chikwatirire changa: anandiyang'ana m'maso n'kulankhula nane mwachindunji.

"Bambo a Rudo. Duku mwaikhoza. Mkanda mwaukhoza. Nanga pakamwa apa?"

Ndinayang'ana mtondo.

"Pakamwa panga pamakhala chonchi?"

Amalume anayamba kufufuza ngati matayala a njinga yawo ali ndi mpweya. Mkazi wanga anapeza chokonza pa chipewa cha Rudo. Pamene tinkazemba funsolo, milomo ya apongozi inkatsikira kumanzere pang'onopang'ono mpaka inafanana ndendende ndi ya m'dzanja lawo.

"Ufiti ndikanaupempherera n'kutha," anatero. "Koma ichi ndi chipongwe." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Masula chikwama chako, sukupita kulikonse. Umasulenso changa. Ndichoka pano mwamuna wakoyu akaumba china chofanana nane."

Mkazi wanga anatsala, Rudo anatsala. Ndinapuma. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya Lamlungu limodzi.

Kuchipatala apongozi anapatsidwa mapiritsi ndi mafuta opaka, khosi linapola, bondo linachepa. Lamlungu lotsatira anakhala pa mpando pakhonde, atavala bulauzi yoyera, n'kundiuza kuti ndiziwayang'ana ndithu, mwambo udikire. Ndinaumba ndi phula la mapaipi, pakamwa ndinapakweza mbali zonse ziwiri. Anayang'ana n'kunena kuti akuoneka ngati munthu wofuna mavoti. Ndinaumba wina, milomo yowongoka. Anati akuoneka ngati wamva uthenga wa maliro. Wina anati mphuno, wina anati ndawakalambitsa. Fodya anakololedwa, anaumitsidwa, anapita kumsika, apongozi ali pompano. Rudo anaphunzira kuyenda atagwira chitenje chawo.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Ndinati tsopano ndiwaonetsa. Ndinatenga msilikali wabwino kuposa onse, ndinagwira ntchito Malamlungu angapo, ndinasalaza ndi sandipepala wosalala, ndinapaka utoto. Pakamwa ndinapaumba monga pamakhalira akamayang'ana Rudo akudya, chifukwa pofika nthawi imeneyo ndinali nditapaona. Amalume atamuona anavula chipewa. Mkazi wanga anagwira pakamwa.

Apongozi anavala magalasi. Anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa ena onse, ndipo ndinaona chala chawo chikusisita patsaya pa kachidoleko. Kenako anamubweza.

"Makutu," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Makutu ali mkati mwa duku. Saoneka n'komwe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo, koma mkazi wanga ananditsina pamkono mpaka ndinadumpha.

"Mwaona makutu pamenepa inu?" ndinanong'ona.

"Inu mumadziwa phula lokha," anatero. "Chimwalirire bambo, ku Shamva kuli ndani? Akaphike ndi ndani? Mukufuna anene ndi pakamwa pawo kuti akuopa nyumba yopanda munthu, auze mkamwini?"

Ndinakhala pansi ndi chidole changa chabwino m'manja, ndipo manyazi amene ndinamva anaposa a tsiku la lichero.

Ndiye kwa amene mumafuna kudziwa za phula, nazi zimene ndinapeza. Dongo lisiyireni oumba miphika, ufa ndi wa makoswe, la mawindo ndi la mawindo, bodifila amafuna munthu wopanda foni. La mapaipi ndiye mfumu. Ndipo mukafuna kuyesa, umbani mbuzi. Ine phunziro limeneli linandipeza mochedwa, chifukwa Lamlungu lililonse apongozi amavala bulauzi yoyera n'kukhala pa mpando wawo pakhonde, ine n'kukanda phula. Timakambirana za mvula, za mitengo ya tomato, za Rudo. Pomaliza ndimawapatsa, amavala magalasi, amafunafuna.

Masiku ano ndimawalakwitsira dala kanthu kamodzi kooneka bwino, kuti asamavutike kufunafuna.